Mahedifoni Otsekera Mvula Kunja

Kwathu kuno ku Phalombe, mvula ikayamba munthu satseka makutu. Si lamulo lolembedwa, koma aliyense amene anakulira m'munsi mwa phiri la Michesi amalidziwa. Napolo, chigumula cha madzi, matope ndi miyala chimene chimatsika m'phiri, sabwera mwakachetechete. Amayamba ndi kuguguda kwapansipansi, ngati lole yolemera ikudutsa kutali pamsewu wokumbika. Okhala kumtunda akangomva, amathamangira pamtengo pamene anapachika limu, chitsulo cha gudumu la galimoto, n'kuyimenya ndi khasu. Mudzi wotsatira ukamva, nawo umamenya yawo. Kulira kwa zitsulo kumatsika ndi mtsinje, mudzi ndi mudzi mpaka kuchigwa, ndipo kawirikawiri kumafika madzi asanafike. Akale ankati napolo ndi chinjoka chimene chikusamuka kuphiri kupita ku nyanja ya Chilwa. Ine ndinapita ku koleji ya zauphunzitsi, ndipo kwa zaka zambiri ndaphunzitsa ana za kudula mitengo ndi kukokoloka kwa nthaka. Za chinjoka sindikhulupirira. Chitsulo ndimachikhulupirira.

Ndayamba ndi zimenezi kuti wosadziwa kuno amvetse chifukwa chimene ine, mayi wamasiye wa zaka zoposa makumi asanu, amene sindinayambe ndasamalapo za zoimbaimba kupatula za m'tchalitchi, ndinavutikira mtima ndi nkhani ya mahedifoni.

Mwana wanga wamkazi, mmodzi yekhayo amene Mulungu anandipatsa, atamaliza maphunziro ake ku Blantyre anabwerera kunyumba kudikira ntchito. Chaka chimene napolo wamkulu anatsika m'phiri, iye anali atapita kukacheza kwa azakhali ake, m'mudzi wa m'tsinde mwenimweni mwa phiri. Kumeneko chitsulo sichinalire, pakuti iwo ndiwo anali oyamba. Kumtunda kunalibe mudzi wina woti uwachenjeze. Mwana wanga anapezeka atakangamira panthambi ya mtengo wa mango. Azakhali ake sanapezeke mpaka lero. Zimene anaona sananenepo, ndipo ine sindinamufunse.

Thupi linachira. Koma kuyambira pamenepo, mvula ikangodontha pamalata, ankasiya chimene akuchita n'kuima chilili, maso ali kudenga. Ikakula, ankakhala pansi pakona ya chipinda chake, atatseka makutu ndi zikhatho. Tinapita kuchipatala, tinapita kwa abusa. Onse anathandiza mmene akanathera. Koma chimene chinamugwiradi dzanja, ndiyenera kunena zoona ngakhale sizindikomera, chinali nyimbo zimene mnzake wa ku koleji anamutumizira pafoni.

Nyimbozo amati tiransi, zina amati pulogiresivu. Zilibe woimba, zilibe mawu oti munthu n'kutolapo phunziro. Pansi pake pamagunda chinthu chimodzimodzi osapuma, ngati amayi awiri akusinja mumtondo umodzi, ndipo pamwamba pake pamayenda timawu ta makina tokwera ndi kutsika. Nyimbo imodzi imatha kutalika kuposa ulaliki. Nditamva koyamba ndinamuuza mosabisa kuti chimenecho ndi chigayo, si nyimbo.

“Amayi, mukumvera pasipika ya foni,” anatero. “Mukumva khungu lokha.”

“Nanga mnofu wake uli pati?”

Anaganiza kanthawi. Mwana wanga amayankha mochedwa, anatengera bambo ake.

“Pulogiresivu imayenda pang'onopang'ono, imangoonjezera kanthu kamodzikamodzi. Tiransi imakwera. Imakwera, imakwera, mpaka mtima kufika pakhosi, kenako zii. Ukudziwa kuti chinachake chikubwera. Ndiye chimagwa chonse nthawi imodzi.” Anayang'ana pansi. “Koma chikagwa palibe amene amafa, Amayi.”

Sindinanenenso za chigayo.

Anali ndi timawaya ta m'makutu togula pamsika, koma sitinkatha kulimbana ndi mvula ya pamalata. Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo ndipo mitambo itayamba kuunjikana madzulo pamwamba pa Michesi, anandipempha mwaulemu kuti timugulire mahedifoni aakulu, ophimba khutu lonse, mvula isanafike.

Pa Boma pali bambo wina wachisilamu wogulitsa mafoni, mabatire ndi nyali za sola. Ana ake onse anadutsa m'manja mwanga pamene ndinkaphunzitsa kumeneko, ndipo amandilemekeza, ngakhale ulemu wake sutha popanda nthabwala. Tinamufotokozera, iye n'kulonjeza kuti akapita kukaoda katundu ku Limbe adzatitengera mitundu iwiri yabwino kuti tidzasankhe. Tsiku limene anatiitana linali la msika. Tinakwera minibasi, ine nditavala monga ndimavalira popita kuntchito, chifukwa kugula chinthu chodula si masewera.

“Madamu afika! Konzani kolala, anyamata,” anatero titangolowa, ngakhale m'sitolomo munali iye yekha. “Lero ndiye tiona. Madamu akufuna kuyamba udije, aziimbitsa nyimbo m'maukwati.”

“Bambo, tionetseni katunduyo. Dzuwa likukwera.”

Anatulutsa makatoni awiri. Oyamba anali opepuka, a nthambo yaitali, ndipo kumbuyo kwa mbali iliyonse kunali timabowo ngati ta sefa. Achiwiri anali akuda, olemera, otsekeka ngati chivundikiro cha poto, okhala ndi kabatani m'mbali.

“Awa otsegukawa amapuma,” anafotokoza. “Nyimbo imatuluka pang'ono, zakunja zimalowa. Awa akudawa, achemwali akangodina apa, ndiye kuti asamuka. Ngakhale mutabwera ndi ngongole yanu kudzawakumbutsa, sakumvani.”

Mwana wanga anaika nyimbo imene amaidziwa bwino, navala otsegukawo. Ndinamuyang'anitsitsa nkhope. Anatseka maso, mutu ukugwedera pang'ono. Atavula anati mawu ake ndi otakasuka, ngati waima pabwalo lalikulu ndipo kanthu kalikonse kali pamalo pake, kena kumanja, kena kutali kumbuyo. Anati timawu tam'mwamba sitibaya m'khutu, ndipo munthu angathe kuwavala nthawi yaitali osatuluka thukuta. Kenako anavala akudawo. Anati amenewa besi yake, kugunda kwapansi kuja, imafika mpaka pachifuwa, koma nyimbo imapanikizika ngati yatsekeredwa m'chipinda chaching'ono.

“Ndiye abwino ndi ati pa nyimbo zakozi?” ndinafunsa.

“Pa nyimbo, otsegukawa.”

“Basi, nkhani yatha.”

“Koma ndikufuna akudawa, Amayi.”

Ndinadziwa chifukwa chake, iyenso anadziwa kuti ndadziwa. Iye sanabwere kudzagula nyimbo, anabwera kudzagula chotsekera mvula. Ine ndi mphunzitsi, ndipo chinthu sindichivomereza ndisanachiyese. Ndinamuuza kuti avalenso akudawo, adine kabatani kaja, ayang'ane kukhoma. Ndinaima pakhomo n'kuitana dzina lake ndi mawu amene ndimaitanira mwana ali kumapeto kwa bwalo la mpira. Sanatembenuke. Wogulitsa anaseka.

“Mwaona, Madamu? Katundu weniweni. Mawu amene anatiopseza tonse pa Boma pano, lero agonja.”

Sindinaseke. Pafupi ndi sitoloyo pali mthunzi pamene bambo wina amamata matayala, ndipo pansi panali limu yakale. Ndinatuluka, ndinapempha nyundo yake, ndipo iye asanafunse chimene ndikufuna, ndinaimika limuyo n'kuimenya mwamphamvu, mobwerezabwereza, monga timamenyera kwathu.

Zimene zinachitika sindidzaziiwala. Msika wonse unangoti zii. Kunja kunali kowala, fumbi lili kobo, kopanda ngakhale dontho la mvula, koma mitu yonse inatembenukira kuphiri. Mayi wina wogulitsa nandolo ananyamula mwana wake n'kuyamba kuthawa, lichero n'kugwa. Anyamata a kabaza anaima, phazi limodzi pansi. Gogo wina anafuula m'Chilomwe, kuitana munthu amene sindinamuone. Pa anthu onsewo, amene sanagwedezeke anali mmodzi yekha: mwana wanga, ali m'sitolo, wayang'ana kukhoma, mutu ukugwedera pang'onopang'ono.

Womata matayala anandilanda nyundo.

“Amayi, ndinu aakulu, koma chitsulo sitiseweretsa. Anthu awa ena anaika abale awo m'manda opanda maliro.”

Anali kunena zoona. Ndinapepesa kwa iye, ndinakatola lichero la mayi uja n'kumulipira nandolo zake. Koma yankho limene ndinkafuna ndinali nditalipeza. Ndinabwerera m'sitolo, ndinamugwira mwana wanga paphewa, ndipo atavula ndinati tikutenga otsegukawo. Wogulitsayo, nthabwala zinali zitamuthera. Anakulunga katoniyo mwakachetechete. Mwana wanga anati, “Zikomo, Amayi,” ndipo tinakwera minibasi kubwerera kunyumba.

Mvula yoyamba inagwa masana, chakumapeto kwa Novembala. Anthu anasangalala, fungo la dothi linadzaza paliponse, ana akuvina pabwalo. Ine nditaweruka ndinapeza chitseko cha chipinda cha mwana wanga chili chotseka. Anali pakona paja. Mahedifoni anali kumutu, nyimbo ikumveka mpaka pakhomo chifukwa anakweza mpaka pamapeto, ndipo pamwamba pake anali atakanikiza mapilo awiri ndi manja. Timabowo timene ndinatisankha kuti tilowetse chitsulo tinkalowetsanso mvula, dontho lililonse. Milungu yotsatira mvula sinaleke. Anasiya kudya bwino. Pansi pa maso pake panada. Tsiku lina m'mawa anathira madzi otentha m'kapu mpaka kusefukira padzanja lake, ndipo sanakuwe, anangoyang'ana.

Ndinakhala pansi n'kulingalira monga ndimachitira ndi funso lovuta la mayeso. Napolo akhoza kubwera chaka chino kapena osabwera kwa zaka khumi. Koma chimene chinali kumudya mwana wanga chinali kubwera tsiku lililonse. Loweruka ndinabwerera pa Boma ndekha.

“Ndinawasunga, Madamu,” anatero wogulitsa uja, asanandipatse n'komwe moni wokwanira. “Ena anawafuna, ine ndinati ali ndi mwini wake.”

Kunyumba ndinaika malamulo, ndipo ndinawanena momveka. Akudawo azivala pokhapokha ine ndili panyumba. Ndikakhala kuntchito, azivala otsegukawo, zivute zitani. Anavomera. Madzulo amenewo mvula inagwa yamphamvu, ndipo ine ndinakhala pakhonde ndikuchonga makope, makutu ali kuphiri, iye ali m'kati. Nditasuzumira ndinamuona atakhala patebulo, akusoka batani la bulauzi, ngati munthu wina aliyense. Anadyanso chakudya chonse.

Tsopano ndinene za nyumba yanga, chifukwa popanda zimenezi zotsatirazi sizimveka. Ndimakhala chakumunsi kwa mudzi, pafupi ndi dimba limene limatsetserekera kumtsinje. Chimwalirireni bambo a mwanayu, ndinakhazikitsa mwambo wakuti pakhomo panga munthu salowa asanayankhidwe. Aliyense amati “odi” n'kudikira. Kwathu konse n'chimodzimodzi. Koma ena akaona kuti mwachedwa kuyankha amakankha chitseko n'kusuzumira, makamaka anansi ozolowerana. Kwa ine zimenezo ndinaziletsa. Mayi woyandikana nane, mlimi wa mpunga wamtima wabwino, ndinamubweza kamodzi ali kale pabalaza, n'kumuuza kuti akayambirenso panja. Anthu anaseka, anandipatsa maina, koma anaphunzira. Ndinkanyadira kuti nyumba yanga ndi ya dongosolo.

Mu Januwale kunagwa mvula yosalekeza, ya masiku angapo, yopanda mabingu, imene akuluakulu amaiopa kuposa yamkuntho. Phiri silinkaoneka. Nthaka inakhuta moti phazi likaponda, madzi ankatumphuka m'mbali. Tsiku limenelo ndinali m'kalasi chakumasana, ndikulemba pabolodi, pamene mtsikana wina wa kumbuyo anaimirira popanda chilolezo. Ndinatembenuka kuti ndimudzudzule, kenako nanenso ndinamva. Kutali, chakumtunda, chitsulo chinali kulira. Chisanaleke, china chapafupi chinayankha.

Sukulu yathu ili pamtunda, ndipo ana tinawasunga m'makalasi monga mwa dongosolo. Nditawasiya m'manja mwa aphunzitsi anzanga, ndinaimba foni ya mwana wanga. Inaitana mpaka kuduka. Ndinaimbanso, chimodzimodzi. Ndinadziuza kuti wamva, wathawa, foni waisiya patebulo. Koma ndinali nditamuona m'mawa umenewo, milomo itauma, akuyang'ana kudenga, ndipo ndinadziwa chimene munthu wotopa amachita ndi lamulo pamene wolikhazikitsa wachoka.

Wakabaza amene ndinamuimitsa anapukusa mutu. “Kumunsi ayi, Madamu. Ngakhale mundipatse njinga yamoto.”

Ndinavula nsapato n'kuyamba kuthamanga. Sindinathamangepo pagulu chichokereni ku koleji. Panjira ndinkakumana ndi anthu akukwera, mitolo pamutu, mbuzi pazingwe, ndipo aliyense ankandiuza kuti ndibwerere. Pachitunda pamene pali tchalitchi ndinapeza anthu a m'mudzi mwathu ataunjikana. Ndinayang'ana nkhope imodziimodzi. Mayi woyandikana nane uja anandithamangira.

“Aphunzitsi, mwana ali kuti? Si ali nanu?”

“Simunamuone?”

“Ndinapita! Ndinati odi, odi, mpaka mawu kusasa. Ndinagogoda. Mwamuna wanga anagogodanso pazenera. Kunali zii. Ndiye tinati mwina mwapita naye kusukulu.”

“Chitseko chinali chokhoma?”

Anandiyang'ana, mvula ikutsika pankhope yake.

“Sitinayese, aphunzitsi. Pakhomo panu paja...”



Kutsika kuchokera patchalitchi kufika kwathu ndi mtunda waufupi, koma tsiku limenelo ndinamva chilichonse. Zitsulo zinali kulira kumtunda ndi kumunsi komwe. Pansi pa kulira kwakeko panali kuguguda kuja, kumene sikumveka m'makutu mokha komanso m'mapazi. Mphepo inkanunkha dothi lofukulidwa kumene ndi mizu yothyoka. Nditafika ndinaona kuti dimba kulibe. Pamalo pake pankayenda chinthu chofiirira, chokhuthala ngati phala, chitanyamula nthochi zathunthu ndi denga la khola la munthu wina. Chinali chitafika kale pachimbudzi, ndipo ndikuyang'ana, khoma lake linapendekeka n'kugona mwakachetechete.

Chitseko sichinali chokhoma. Chinangofuna kukankha ndi chala.

Anali pabedi, atagona chammbali, mahedifoni akuda ali kumutu. Anali m'tulo. Nkhope yake inali yosalala, pakamwa patatseguka pang'ono, monga ankagonera ali wakhanda. Chibwerereni kuchokera mumtengo wa mango uja ndinali ndisanamuonepo atagona chotero mvula ikugwa. Ndikuvomereza kuti ndinaima kamphindi, dzanja lili m'malere, chifukwa ndinadziwa chimene ndikumubwezera ndikangowachotsa. Kenako ndinawachotsa.

Anatsegula maso, ndipo zonse zinamulowa nthawi imodzi: malata, zitsulo, kuguguda. Thupi lake linauma gwa. Ndinamuitana dzina, sanayankhe. Ndinamugwira nkhope ndi manja onse awiri.

“Yang'ana ine. Usayang'ane kudimba. Dzuka, tiyende.”

Tinatuluka opanda chilichonse kupatula mahedifoni amene ndinali ndidakawagwira osadziwa. Pakhomo tinakumana ndi mayi woyandikana nane ndi mwamuna wake, amene ananditsatira. Iwo anamugwira mbali ina, ine mbali ina, mpaka patchalitchi.

Madzi sanalowe m'nyumba. Anatenga dimba, chimbudzi ndi mbali ya khitchini, kenako anabwerera. M'mudzi mwathu simunafe munthu. Anthu anati tinali ndi mwayi, ndipo ine sindinatsutse, ngakhale mawu akuti mwayi sindiwakonda.

Titabwerera kunyumba, matope atayamba kuuma, mwana wanga anabwera pakhonde pamene ndinakhala. Anagwada, chinthu chimene sindinamuphunzitse kuchita kwa ine, n'kuika mahedifoni akudawo pamiyendo panga.

“Ndinaswa lamulo, Amayi. Abwezeni kusitolo.”

Ndinawayang'ana nthawi yaitali. Ndikanawabweza, palibe akanandinena. Koma ndinali nditaona nkhope ija pabedi, ndipo ndinali nditaonanso ija ya pakona ndi mapilo. Ndinamufunsa ngati angathe kupirira mvula yonse yotsalayo ndi otsegukawo. Anayamba kunena kuti ayesetsa. Ndinamuuza kuti sindinafunse zoyesetsa. Anapukusa mutu.

“Ndiye tenga,” ndinatero. “Makutu tikapeza kwina.”

Madzulo omwewo ndinavala bwino n'kuyenda khomo ndi khomo m'mudzi monse, kuyambira kwa mayi woyandikana nane. Paliponse ndinati odi n'kudikira. Paliponse ndinanena mawu amodzimodzi: kuti mwana wanga ali ndi vuto la mantha a mvula, chinthu chimene ndinali ndisanauzepo munthu wa m'mudzimo, kuti mvula ikamagwa iye samva kanthu, ndi kuti chitsulo chikalira, aliyense amene ali pafupi, wamkulu kapena mwana, alowe m'nyumba mwanga osaodira, apite mpaka kuchipinda, amugwedeze. Ena anachita manyazi m'malo mwanga. Mayi uja anaseka, misozi ili m'maso.

“Ndiye ndikalowa simundibweza kuti ndikayambirenso panja?”

“Chitsulo chikalira, ayi. Masiku ena onse, odi ali pomwepo.”

“Mbewa yamanyazi inafera kuuna, aphunzitsi.”

“Ndamva, mayi. Musaonjezere.”

Mawa lake ndinaitana kalipentala kuti achotse loko wa chitseko cha chipinda cha mwana wanga. Cha panja chimakhala chosakhoma kuyambira mvula yoyamba mpaka yomaliza, ine ndilipo kapena palibe. Akuba ndimawaopa monga munthu wina aliyense, ndipo ndikakhala m'kalasi maganizo amandifikira a zinthu zanga zili pambalambanda. Koma ndinasankha chimene ndingathe kutaya.

Mwana wanga tsopano amagwiritsa ntchito onse awiri. M'chilimwe amavala otsegukawo, ndipo amati ndiwo amaimba nyimbo zake mmene anazipangira eni ake. Tsiku lina anandiveka kuti ndimve. Ndinamvetsera mpaka pamene imakwera, imakwera, kenako zii. Ndinawavula chisanagwe chimene chinali kubweracho. Akudawo amakhala m'katoni yake mpaka mitambo itayamba kuunjikana pa Michesi.

Pamene ndikulemba zino yayamba kale kuunjikana. Dzulo ndinamuona akupukuta katoniyo fumbi n'kuika mahedifoniwo pa sola kuti adzaze moto. Ine ndinapita kukaona limu ya m'mudzi mwathu. Waya umene anaipachikira wachita dzimbiri, ndipo ndauza amuna kuti ausinthe sabata ino. Mayi woyandikana nane akuti chaka chamawa akufuna kusamukira kwa mwana wake ku Mulanje. Sindinamufunse kuti m'nyumba mwakemo mudzalowa ndani, kapena ngati munthuyo adzakhale wolimba mtima kukankha chitseko cha mphunzitsi.